Matayala Atsopano a Pikapu Yogwada

9 Febuluwale

Okondedwa bambo a ana,

Moni wanga ukupezeni muli pakhonde, mwendo uli pampando monga ananenera adokotala. Kuno ine ndi mzime wathu tili bwino. Chimfine chinandigwira masiku anayi, lachisanu chinagonja.

Kalata yanu ndalandira. Ili ndi mizere isanu ndi inayi, ndipo m'mizere isanu ndi umodzi mukufunsa kuti ndibwera liti. Simukulakwa. Ndinatsanzika kuti ndikukaona mwana masabata atatu, lero ndakwanitsa miyezi isanu ndi masiku awiri. Koma imvani kaye.

Mukudziwa kale kuti mwini galaja imene mwana wathu amagwirako ganyu anandilemba ntchito yosoka zikopa za mipando ya galimoto. Makina anga ali pakona, pansi pa zenera, mapazi 23 kuchokera pachitseko. Bwanayo timawatcha a Wotchi, chifukwa sangakuyankhe moni asanayang'ane pamkono. Ine amanditcha Mayi Tepi, poti tepi yoyezera sichoka m'khosi mwanga. Zaka 34 ndinaphunzitsa masamu ndi kusoka popanda wondipatsa dzina pamaso, kuno sabata imodzi inakwana.

Lolemba kunabwera pikapu yofiira ya bambo wina wophika buledi, munthu wathupi ndithu, amene aliyense amangowatcha Abuledi. Musaganize za pikapu yonyamula simenti. Iyi anaichotsa masipuling'i onse n'kuikamo matumba anayi a labala opopedwa ndi mpweya, tayala lililonse thumba lake. Kumbuyo kuli thanki ndi kompuresa yopopa mpweyawo. Ukadina batani limodzi galimoto imakwera. Ukadina linalo imatulutsa mpweya, fuuu, n'kugwada mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, ngati ng'ombe yofuna kubzikula. Ndinagwada nane n'kuyeza: pamatsala masentimita atatu. Kudzuka kwake ndiko kunandivuta, poti ine batani ndilibe.

Abuledi akufuna kuchotsa matayala a mainchesi 18 aike a mainchesi 22, kuti galimoto ikagwada matayalawo azilowa m'kati mwa madigadi, zitsulo zophimba matayala zija, n'kumangooneka theka. Ndinawafunsa phindu lake. Iwo anandifunsa phindu la lesi pa kolala ya diresi. Ndinawavomera, chifukwa funso linali labwino.

Tsono nkhani ndi iyi. A Wotchi anaitana mzime wathu n'kumuuza kuti ntchito imeneyi ndi yake yekha. Pikapu ikatuluka pofika pa 30 Epulo, tsiku la chionetsero cha magalimoto, tayala lililonse osakhula paliponse, amusainira pepala la ntchito yokhazikika. Ndi pepala limenelo akhoza kupempha chilolezo chokhalira m'dziko la eni lino. Inu mukudziwa kuti chimene chamuletsa kuponda pakhomo pathu zaka zisanu ndi zinayi ndi chilolezo chimenechi, pakuti akangotuluka alibe, sangabwererenso ku ntchito yake. Mumakonda kunena kuti akanafuna akanabwera. Ine ndaona m'mene amaumira thupi galimoto ya apolisi ikamadutsa mumsewu, ndipo sindinena zambiri.

Choncho ndidikira masiku 80 amenewa. Ndikufuna kubwera ndi mwana, osati ndi moni wake.

Mapiritsi anu ndi awiri m'mawa, limodzi madzulo, osati atatu pamodzi nthawi imene mwakumbukira. Ndatumiza kangachepe kogulira malata awiri a pakhonde. Ndati malata, sindinati mbuzi.

Ndine mkazi wanu,
mayi a ana.


23 Febuluwale

Bambo a ana,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndipo bondo likukulolani kufika pachipata. Ife tilipo, tikudya, tikugona.

Sabata ino tayeza pikapu ija, ndipo sindinasangalalepo chonchi chichokereni m'kalasi. Mwana wathu ali ndi manja abwino, koma amayeza ngati inu, ndi chala chachikulu ndi diso limodzi lotsinzina. Ndinamupeza atapisa mkono m'madigadi akudziuza yekha kuti pakwana. Ndinamufunsa kuti pakwana zingati. Anati ndibwerere kumakina kwanga. Ndinabwereradi, koma kukatenga katoni ya firiji, sizasi ndi chingwe.

Ndinamuuza kuti telala sadula nsalu ya ukwati asanadule pepala. Tinajambula tayala latsopano pakatoni, kukula kwake kwenikweni, tinalidula n'kulimangirira pamalo pake. Tinadulanso kachidutswa kena kosonyeza kunenepa kwake. Tayala likakula limafuna malo mbali zitatu: pamwamba, m'kati kumene kuli chitsulo chachikulu chimene ndi msana wa galimoto, ndi kunja kumene kuli mlomo wa madigadi. Tinayeza galimoto itakwera, ili pakatikati m'mene imayendera, ndi itagwada. Kutsogolo tinayezanso chiwongolero chitakhotera uku mpaka kumapeto, ndi uko mpaka kumapeto. Miyeso yonse 36, ili m'kope langa, yolembedwa ndi cholembera cha buluu.

Ndinaumirira kuti Abuledi akhale m'galimoto tikamayeza, chifukwa diresi suyesera pa hang'ala. Ndinawafunsa kulemera kwawo. Anati makilogalamu 110. Ndinawayang'ana m'mene ndinkayang'anira ana osalemba ntchito ya kunyumba, iwo anati 128, koma ndi nsapato. Anakhala pampando maola awiri ndi mphindi khumi, akudya mabanzi awo omwe ndi kutisimbira za akazi awo, amene akuti galimotoyi amaitcha mkazi mnzawo ndipo amafunsa ngati yadya.

Galaja yathu ndi yopanikiza. Pikapu inaima mbali yakumanja itafinyana ndi khoma moti ngakhale mphaka sangadutse, ndipo kuti tiisunthe tikanayenera kutulutsa kaye magalimoto atatu, a Wotchi akuyang'ana pamkono. Tinayeza kumanzere. Galimoto si munthu kuti phewa lina likwere lina litsike, inapangidwa ndi makina, ndiye miyeso yomweyo ndinailemba mbali zonse ziwiri.

Zimene tapeza ndi izi. Kutsogolo mwana adula madenga a m'kati mwa madigadi n'kuwotcherera ena okwererapo. Kumbuyo, galimoto itagwada, pakati pa tayala ndi mlomo wa madigadi patsala mamilimita 14. Ndi mpata wa chala changa chaching'ono, ndipo ndi wokwanira.

Malimu, ndiye kuti zitsulo zozungulira zimene matayala amavala, sagulidwa m'sitolo. Amachita kuwasula kufakitale potsatira manambala amene wawatumizira, ndipo akasula asula, sabweza. Zimatenga masabata asanu ndi limodzi. Mwana anakopera manambala a m'kope langa pafomu, anasaina, a Wotchi anatumiza. Poweruka anandigwira paphewa.

"Amayi, mwina kusukulu munapitako ndithu," anatero.

Ndinamukumbutsa kuti amene anamuphunzitsa kuwerenga zala zake zomwe ndine, ndipo anatenga miyezi iwiri akudumpha seveni.

Mandimu akayamba kupsa musalole adzukulu athothole aawisi. Ndinasiya mtengowo uli ndi nthambi zazikulu zisanu ndi ziwiri, ndikazipeze zonse.

Wanu,
mayi a ana.


16 Malichi

Bambo a ana okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti mukuyenda popanda ndodo mpaka kwa oyandikana nawo. Ndamvanso kuti lata mwakhoma limodzi lokha. Kumene kwapita linalo sindifunsa. Mbuziyo muipatse moni. Ife tili bwino, kupatula msana wanga umene umadandaula ikakwana 3 koloko.

Malimu sanafike, kwatsala masiku 21. Mwana wamaliza ntchito ya kutsogolo. Msoko wake wa chitsulo ndi wosalala kuposa wanga wa ulusi. Ndinauyendetsa chala kuchokera kuno mpaka uko osapeza pokola. A Wotchi anauyang'ana masekondi asanu ndi awiri osanena kanthu, zimene kwa iwo ndi kuomba m'manja. Ine ndasoka mipando ya pikapuyo, chikopa choyera ngati mkaka, ulusi wofiira, masitichi asanu ndi limodzi pa inchi iliyonse. Ndawauza Abuledi kuti banzi lililonse lizidyeredwa panja.

Loweruka Abuledi ananditenga kuti ndikayese mipando yanga, galimoto ikadali pa matayala akale. Titaima pa magetsi a pamphambano, anandiuza kuti ndidine batani. Ndinadina. Galimoto inangoti fuuu, ife pansi. Woyendetsa basi imene inaima pambali anasuzumira pazenera, kukamwa yasa, kuona nkhalamba ya magalasi ndi tepi m'khosi ikumira mumsewu. Ndinadina linalo, tinakwera. Amayi ena ogulitsa maluwa anaseka mpaka kugwira mzati. Ndisakunamizeni, ndinadina maulendo khumi ndi limodzi, mpaka kompuresa inayamba kulira ngati ikufuna kutula pansi udindo, ndipo Abuledi anandipempha mwaulemu kuti ndiike manja pamiyendo. Bambo a ana, ndili ndi zaka 67, ndipo ndimayesa kuti zoseweretsa zinanditsanzika kalekale.

Kumapeto kwa kalata yanu, pambuyo pa nkhani ya mbuzi, munafunsa ngati "munthu uja" ali ndi jekete la nyengo yozizira. Munthu ujayo ali ndi dzina, ndipo munamupatsa ndinu. Mzerewo ndinamuwerengera kawiri. Iye anangotenga sipanala n'kukamanga mabawuti amene anali omanga kale. Majekete ali nawo awiri, limodzi ndalisoka pachigongono.

Lachitatu mumsewu wathu munadutsa anthu ofunsa mapepala. Anayambira kwa ogulitsa magalasi, anatenga awiri. Anga ndi olongosoka mpaka Julayi, musade nkhawa. Mwana wathu anali ndi ntchito yofulumira pansi pa lole ina kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko. Loleyo inalibe vuto. Zina ndidzakuuzani pakamwa.

Chitseko cha khitchini chikatupa ndi mvula musachimenye ndi phewa, pakani sopo m'mbali.

Ndine yemwe uja,
mayi a ana.


8 Epulo

Bambo a ana,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ife tilipo.

Malimu afika dzana, mabokosi anayi. Ndi owala moti ndinaona nkhope yanga ndi makwinya onse, ngakhale amene sindimawadziwa. Lililonse lili ndi masipoko asanu ndi awiri. Matayala ake ndi opyapyala ngati lamba. Abuledi anatseka bekale yawo msanga n'kubwera ndi keke, anayenda mozungulira mabokosiwo akuwalankhula ngati alendo ochokera kutali.

Dzulo tamangirira. Mabawuti asanu ndi limodzi pa tayala, onse 24, mwana akumanga modumphitsa uku ndi uku, ine ndikuwerenga. Kenako tinatulutsa magalimoto atatu aja, n'kukankhira pikapu pabwalo, kutali ndi khoma lija. Itaima padzuwa ili yokwera, anthu odutsa anaima. Ndi yokongola, zimenezo sindikana.

Pa kugwada ndiye pali kankhani ka mamilimita asanu ndi atatu. Ndidzalemba ndikakamvetsa bwino.

Musauze kaye aliyense tsiku lobwera, ngakhale mlongo wanu. Sindikudwala, kungoti chakudya sichikulowa.

Wanu,
mayi a ana.


13 Epulo

Okondedwa bambo a ana,

Ndiyambe ndi kukufunirani moyo wabwino, ndi kupepesa chifukwa cha kalata yapitayi. Ndikudziwa kuti inakusiyani mtima uli m'mwamba. Lero ndinena zonse, poti mtima wanga wakhala pansi.

Tsiku lija a Wotchi anali atapita kukagula penti. Mwana anayamba kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Kumanzere matayala analowa m'madigadi ngati phazi mu sokosi. Kumanja kumbuyo kunamveka khwee, ndipo mwana anachotsa chala pabatani msangamsanga. Mlomo wa madigadi unali utakhala pa tayala. Ndinayeza katatu. M'malo motsala mamilimita 14, pankasowa 8.

Chifukwa chake anachipeza mwana atalowa pansi. Matayala awiri akumbuyo amagwiridwa ndi mtanda wachitsulo umene amati ekiselo. Kuti ekiseloyo isamayende cham'mbali, pali chitsulo chopingasa, nsonga ina yomangidwa ku msana wa galimoto, ina ku ekiselo. Galimoto ikagwada chitsulocho chimapendekeka n'kukankhira ekiselo kumanja mamilimita 11. Ndiye kumanzere mpata unaoneka wochuluka, kumanja unatheratu. Bambo a ana, amenewa ndi masamu a kampasi. Chinthu chomangidwa nsonga imodzi chimayenda mozungulira, sichitsika molunjika. Ndinaphunzitsa zimenezi zaka 34, ndipo ndinalephera ana ambiri amene ankalemba yankho asanayeze.

Abuledi anati, "Aphunzitsi, ine ndinapserezapo mabuledi 200 tsiku la ukwati wa mlamu wanga. Anadya omwewo, ndipo banja lilipobe." Anadula keke, koma palibe anamaliza gawo lake.

Mwana anandiuza kuti ndikhale chete. Anati pafomu anasaina ndi iye, kukalipiridwa anazolowera, ndipo safuna kuona mayi ake akunyozeka pamaso pa anthu. Ndinamvera masiku asanu, ndipo amenewo ndi masiku amene chakudya sichinkalowa. Pikapu tinaisiya yokwera, a Wotchi akumangoti yakongola.

Lero m'mawa anati aione itagwada. Ataona, anaitanira mwana mu ofesi yawo, imene ndi ya magalasi. Ndili pamakina ndimaona zonse: bwana akuloza fomu, mwana wathu mutu uli pansi, akugwedezera, akuvomera chilichonse. Ndinaona zaka zina zisanu ndi zinayi zikubwera. Ndinatenga kope langa n'kulowa osagogoda.

"Bwana, manambalawo ndi anga," ndinatero. "Ndinayeza mbali imodzi, inayo ndinangoganiza. Mwanayu kulakwa kwake ndi kukhulupirira mayi ake, ndipo mlandu umenewo ndi waung'ono."

Mwana anayesa kundidula mawu, ndinamuuza kuti akulu akulankhula. A Wotchi anatenga kopelo, anatsegula tsamba ndi tsamba, onse khumi ndi anayi. Anandifunsa chifukwa chimene munthu woyeza maulendo 36 analekera kuyeza kumanja. Ndinati panali magalimoto atatu oti atuluke, ndipo iwo ankayang'ana pamkono. Ndimayesa kuti tonse awiri tiuzidwa kuti tinyamule zathu.

"Masiku 17," anatero. "Malimu ena kulibe. Mukonze ndi omwewa, ndipo penti isang'aluke. Lonjezo langa silinasinthe, komanso silinafewe."

Ndili pachitseko anawonjezera kuti kuyambira lero ntchito iliyonse ya matayala izilembedwa m'kope ngati langali, koma mbali ziwiri. Nditabwerera pamakina ndinatenga cholembera chofiira n'kudzichonga ndekha. Mtanda wake ndinaulemba waukulu, monga ndinkachitira ndi ana a eni.

Njira ilipo, ndipo waipeza ndi mwana wanu. Apanga chitsulo china chopingasa, chachitali, chokhala mopanda kupendekeka kwambiri, ndiponso chotheka kufupikitsa kapena kutalikitsa. Ekiselo ikabwera pakati, mbali iliyonse patsala mamilimita atatu. Ndi ochepa. Ndiye apinda mlomo wa madigadi kulowetsa m'kati, monga ndimapindira mpendero wa siketi, tipeze ena asanu ndi anayi. Choopsa ndi penti, chifukwa chitsulo chikamapindika penti imakonda kung'aluka.

Madzulo ano ndadya mbale yonse. Inunso muzidya.

Ndine mkazi wanu,
mayi a ana.


28 Epulo

Bambo a ana, okondedwa anga,

Ngati mwaima khalani pansi, bondo lisapeze chifukwa. Ife tili bwino, bwino kwambiri.

Chitsulo chopingasa mwana anachipanga katatu. Choyamba chinkagunda paipi ya utsi. Chachiwiri chinali bwino, koma iye mwini sanakhutire ndi msoko wake ndipo anachitaya, zimene zinandionetsa kuti magazi anga alimo ndithu. Chachitatu ndi chimene chili pagalimoto.

Kupinda mlomo kunatenga masiku atatu. Pali chida chokhala ndi gudumu laling'ono chimene amachimangirira pamalo pa tayala, n'kumachiyendetsa uku ndi uku chikukankha mlomo pang'onopang'ono. Ine ndinagwira makina ouzira mpweya wotentha, onga oumitsira tsitsi, kufewetsa penti patsogolo pa gudumulo. Ndimawerenga mpaka 20, n'kuyesa ndi kuseri kwa dzanja monga timayesera simbi. Kukazizira penti ing'aluka, kukatentha kwambiri ipsa. Mwana ankafuna kufulumira, ine ndimamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati nkhono ilibe chionetsero pa 30. Abuledi tinawathamangitsa tsiku loyamba lomwelo, chifukwa gudumu likangolira iwo ankabuula ngati tikuwazula dzino. Penti sinang'aluke, kupatula kamzere ka masentimita awiri m'kati mwenimweni, kumene zingakaone mphemvu zokha. Kameneko ndinawaonetsa a Wotchi ndekha, sindibisanso kanthu, ndipo anati tikapake.

Mayeso anali dzulo masana. A Wotchi ali ndi njira yawo. Amapaka choko m'mbali ndi m'mapewa mwa matayala onse anayi, mpaka kuyera. Kenako galimoto imakayenda: zitunda zisanu ndi chimodzi za mumsewu wa kusukulu, kukhota mpaka chiwongolero kutha mbali zonse, kubwerera chambuyo, ndipo ikabwerako igwade katatu. Pamene pakhula, choko chimafufutika, ndipo chitsulo chimene chakhulacho chimayera. Choko sichinama ndipo sichimva chisoni. Anandipatsa kuti ndipake ndine. Ndinamaliza zoko zitatu ndi theka.

Anapita awiri, a Wotchi ndi Abuledi, Abuledi akuyendetsa. Wogwira ntchitoyo saloledwa kupita nawo. Anatenga mphindi 26. Mwana anasesa galaja yonse, atamaliza anayambanso. Ine ndinakhala pamakina ndi chikopa m'manja, osasoka ngakhale sitichi imodzi.

Atabwera, galimoto inagwada katatu, phee, popanda phokoso lina koma la mpweya. A Wotchi anatenga tochi n'kugwada pa tayala lililonse. Lakumanja kumbuyo analisiya lomalizira, ndipo anakhalapo masekondi 41. Anapisa chala, anachiyang'ana, anandiitana kuti ndiyeze. Kumanzere 13, kumanja 11. Anadzuka, anasasa mawondo, n'kufunsa ngati pali amene ali ndi cholembera. Ndinali nazo zinayi.

Anafuna kusainira pa boneti, koma Abuledi anakana kuti pepala likhudze penti yawo. Anawerama okha n'kupereka msana. Ndiye dziwani kuti pepala la mwana wanu linasainidwa pamsana pa wophika buledi, ndipo malo analipo okwanira mapepala atatu.

Mwana analandira ndi manja awiri, anathokoza, kenako anapita kuseri kukasamba m'manja. Mpopi unalira mphindi zisanu ndi zinayi. Sindinamutsate. Atatuluka maso anali ofiira, anati ndi sopo wa kuno.

Mawa tikapereka pepalalo ku ofesi ya zilolezo. Akuti zimatenga masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, ndipo nthawi zina amabweza chifukwa cha chithunzi chokha. Choncho musaitane kaye anthu. Koma kamwana kanu kakakazi mukhoza kukauza, kaziyamba kuchapa makatani.

Wanu wosangalala,
mayi a ana.


19 Juni

Okondedwa bambo a ana,

Ndikupatsani moni. Tonse tili bwino, ndipo ndikhulupirira inunso.

Chilolezo chatuluka dzulo, patatha masiku 50. Anatibwezapo kamodzi, akuti khutu silimaoneka bwino pachithunzi. Ndi kakhadi kakang'ono, mamilimita 85 m'litali, 54 m'lifupi. Ndinakagwira nthawi yaitali ndikudabwa kuti kanthu kotere n'kamene kanatilanda mwana zaka zonsezi. Iye wakayika m'thumba la malaya ndipo akumakagwiragwira ngati pali bala.

Ku chionetsero kuja pikapu inatenga malo achiwiri mwa magalimoto 31. Abuledi akuti oweruza ake ndi akhungu, koma chikho achiika pamwamba pa uvuni pomwe aliyense wogula angachione.

A Wotchi amupatsa mwana tchuthi cha masabata atatu. Ine anandipempha kuti ndidzabwererenso. Ndawathokoza, ndawauza kuti ndili ndi mwamuna amene amamwa mapiritsi molakwika. Ndikubwera osabwereranso. Mwana adzabwerera ku ntchito yake, ndipo Disembala adzabweranso, chifukwa tsopano angathe.

Matikiti a basi tagula. Tinyamuka pa 30 Juni, tifika pa 2 Julayi cha m'ma 4 koloko madzulo, basi ikapanda kuchedwa. Zikwama ndi zinayi, chimodzi ndi chanu, koma za m'katimo mwana wandiletsa kunena.

Wandifunsa katatu kuti akafika akanene chiyani kwa inu. Ndamuuza kuti akangoti moni bambo, zina zidzatsatira zokha. Inunso musakonze mawu ambiri, ndikukudziwani. Musayambe ndi kuwerenga zaka, zimenezo ndawerenga kale ine ndipo zakwana. Anachoka ali wowonda, tsopano ali ndi thupi, ndevu, ndi imvi 17. Amatsokomola asanalankhule, ngati inu.

Musadzavutike kubwera ku depoti. Iye akufuna kuyenda wapansi kuchokera pamsewu waukulu, akuti aone ngati miyendo ikukumbukira njira. Inu mudzakhale pabwalo, chipata chili chotsegula. Mipando mutulutse itatu.

Ndine mkazi wanu,
mayi a ana.